Za Kompyuta, ndi M'mene Idatsikira pa Tebulo Niloŵa m'Thumba

Pali mtsutso umene wakhala ukumveka m'maiko ambiri kuyambira cha m'ma 2010, ndipo tsopano wafika ndi m'zipinda zathu za aphunzitsi momwe. Ena anena kuti kompyuta ija ya pa tebulo, yokhala ndi bokosi lake pansi, galasi lake patsogolo ndi kiyibodi yake, masiku ake atha, pakuti foni ya m'manja yailanda ufumu. Ena akana, nati kanthu kosaposa chikhatho sikangathe kusenza katundu wa mkulu wake. Mlandu wotere sitingauweruze tisanamve kumene udayambira, monga mfumu ya nzeru sigamula za malire a munda isanaitane akulu amene adaona mundawo ukutsegulidwa. Chifukwa chake ndifuna kulondola mapazi a makinaŵa kuchokera pa chiyambi, kuti tione chimene chidawatsitsa pa tebulo, ndiponso chimene chidatsalira pa tebulopo iwo atachoka; pakuti chotsaliracho ndicho chikhudza ife amene tiphunzitsa ana kulemba chinenero chao.

Poyamba kompyuta sidali ya munthu mmodzi iai. M'mwezi wa February 1946, pa University of Pennsylvania mu mzinda wa Philadelphia ku America, adaonetsa kwa anthu makina otchedwa ENIAC. Kulemera kwake kudali pafupi-fupi matani 30, ndipo m'kati mwake mudali mababu onga a magetsi pafupi-fupi 18,000, amene ankatentha ndi kupsa kaŵiri-kaŵiri. Ankhondo ndiwo adalipira kuti makinawo apangidwe, pofuna kuŵerengera mayendedwe a zipolopolo za mizinga. Amene adayamba kuwalangiza zochita adali akazi 6, ndipo ankatero polumikiza nthambo ndi manja, imodzi-imodzi. Magetsi amene makinaŵa ankamwa adali makilowati 150, ndiko kuti mphamvu yoyatsira mababu 1,500 a mawati 100 nthaŵi imodzi. Aŵerengi asunge chiŵerengero chimenechi mumtima, popeza nkhani yathu yonse, ngakhale ioneka ngati ya kukula ndi kuchepa kwa makina, tsinde lake ndi magetsi.

Kwa zaka zoposa 20 kompyuta idakhala chuma cha maboma, mabanki ndi masukulu aakulu. Munthu wofuna kuti imuŵerengere kanthu sankaikhudza konse. Ankaboola timakadi, nakatipereka pa zenera kwa amisiri ake, nabwerera kwao kukadikira. Mwina m'maŵa mwake ankapeza yankho, mwina ankapeza kuti adalakwitsa bowo limodzi, ayambirenso. Kudali monga kupita ku chigayo: chimanga nchako, koma makina ndi a mwini, ndipo uima pa mzera.

Chidayamba kusintha zimenezi ndi kachipangizo kotchedwa transistor, kamene John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley adakatulukira ku Bell Laboratories mu 1947. Achikulire akukumbuka dzinali chifukwa cha mawailesi aang'ono oyendera mabatire amene adafika m'midzi mwathu. Kachipangizoka kachita ntchito ya babu lija, koma sikatentha kwambiri, sikapsa msanga, ndipo kamwa magetsi pang'ono. Mu 1958 Jack Kilby, ndipo mu 1959 Robert Noyce, aliyense payekha, adapeza njira yoikira zipangizo zotere zingapo pa kachidutswa kamodzi, kamene lero titchula kuti tchipi. Mu 1965 Gordon Moore adaona kuti chiŵerengero cha zipangizo zokwanira pa tchipi imodzi chinkaŵirikiza chaka ndi chaka. Mu 1975 adakonza mau ake, nati kuŵirikizako kudzakhala kwa zaka ziŵiri-ziŵiri. Munthu amene adaphunzitsapo masamu adziŵa mantha a kuŵirikiza: poyamba kuoneka ngati maseŵera, koma pofika kachikhumi chimodzi chija chapitirira 1,000. Mu 1971 kampani ya Intel idatulutsa tchipi yotchedwa 4004, yokhala ndi matransistor 2,300, imene idaipangira kampani ya ku Japan ya Busicom kuti iike m'makina oŵerengera a m'sitolo. Mtima wonse wa kompyuta tsopano udakwana pa chikhadabo.

Tsono pano pali chinthu chimene otsutsana aja achiiŵala. Mu 1972, kompyuta ya pa tebulo isanafale m'masitolo, Alan Kay wa ku Xerox, ku Palo Alto m'dera la California, adalemba za makina amene adawatcha Dynabook. M'maganizo mwake makinawo adali aphanthi-phanthi, a msinkhu wa kope la sukulu, opepuka kuti mwana awanyamule kupita nao pansi pa mtengo, naŵerengapo, nalembapo, najambulapo. Adawaganizira ana, atatha kuona ntchito ya Seymour Papert yophunzitsa ana aang'ono kulamula kompyuta. Sadathe kuwapanga, chifukwa batire, galasi ndi tchipi za masiku amenewo sizikadalola. Koma cholinga chidadziŵika kale: makinaŵa adali pa ulendo wopita m'dzanja la munthu. Tebulo lidali chigono chabe pa njira, ngakhale apaulendowo adagonapo zaka zoposa 30, mpaka ena adayesa kuti afika kwao.

Za chigonocho ndinena mwachidule, popeza zidziŵika. Mu January 1975 kudatuluka Altair 8800, imene wogula ankailumikiza yekha. Mu 1977 kudatuluka Apple II, Commodore PET ndi TRS-80. Mu 1979 pulogalamu ya VisiCalc, yoŵerengera ndalama m'mizera ndi m'mipanda, idachititsa amalonda kugula makina amene kufikira pomwepo ankawayesa zoseŵeretsa. Pa 12 August 1981 kampani ya IBM idatulutsa yake pa mtengo wa madola 1,565, yoyendera pulogalamu ya Microsoft, ndipo makampani ena ambiri adaitsanzira kufikira idakhala ngati muyeso wa onse. Mu 1984 Macintosh idazoloŵeza anthu kuloza zithunzi ndi mbeŵa m'malo molemba malamulo. Makina onseŵa adakhala pa tebulo osati chifukwa cha kukonda tebulo, koma chifukwa adali omangirira ku khoma ndi nthambo ya magetsi, ndipo galasi lao lidali lolemera ngati la wailesi ya kanema yakale. Amene adayesa kuwanyamula adaona zakuda. Osborne 1 ya mu 1981, imene ankaitcha yonyamulika, inkalemera pafupi-fupi makilogalamu 11, galasi lake lidali la mainchesi 5 okha, ndipo ikafika kumene ikupita inkafunabe khoma.

Chingwe chimenechi chidadulidwa ndi anthu amene sadali kuganiza za foni konse, ndipo nkhani yao iyenera kukondweretsa aphunzitsi, popeza idayambira m'sukulu. Ku Cambridge, ku England, kudali kampani yaing'ono yotchedwa Acorn. Mu 1981 idapanga kompyuta ya BBC Micro, pothandiza nyumba ya mphepo ya BBC imene inkafuna kuphunzitsa anthu za makina atsopanoŵa, ndipo boma la Britain lidathandiza masukulu kuigula, kotero kuti ana ambiri a dzikolo adayamba kukhudza kompyuta pa makina ameneŵa. Pofuna kupanga yotsatira yake, Sophie Wilson ndi Steve Furber adayesa matchipi amene adalipo pa msika, koma sadakhutire nao, natsimikiza zopanga yao. Adalibe ndalama zambiri, adalibenso antchito ambiri. Umphaŵi umenewu udawakakamiza kutaya chilichonse chosafunika. Tchipi yao, yotchedwa ARM, idayamba kugwira ntchito mu April 1985 ili ndi matransistor pafupi-fupi 25,000, pamene ya Intel ya chaka chomwecho, ya 386, idali ndi 275,000. Ankafuna kuti isatenthe, kuti aikute ndi pulasitiki wotsika mtengo. Koma idatuluka yomwa magetsi ochepa koposa m'mene adayembekezera, ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a wati imodzi. Furber mwini wake adasimba kuti tsiku lina adapeza tchipiyo ikugwira ntchito nthambo yake ya magetsi isadalumikizidwe, ikungodya nyenyeswa za mphamvu yodontha kuchokera ku zipangizo zoyandikana nayo.

Pa tebulo ubwino umenewu udalibe wouyamikira, pakuti womangirira ku khoma saŵerenga magetsi. Acorn sidapambane pa mpikisano wa makompyuta a pa tebulo. Koma mu 1990 ntchito ya tchipiyo idapatulidwa nikhala kampani payokha, Apple ili mmodzi mwa eni ake, ndipo opanga mafoni, amene nkhaŵa yao yaikulu idali batire, adaiona kuti ndiyo ankaifuna. Lero pafupi-fupi foni iliyonse yamakono, ndi imene ili m'thumba la woŵerenga nkhani ino, iyendera tchipi ya mtundu wa ARM, mdzukulu wa makina a ana a sukulu a ku Britain.

Foniyo nayo idali ndi ulendo wake. Pa 3 April 1973 Martin Cooper wa kampani ya Motorola adaimba foni ya m'manja koyamba ali mu mseu wa ku New York, ndipo chimene adagwira chinkalemera koposa kilogalamu imodzi. Padapita zaka 10 kuti yotere iloledwe pa msika, ndipo mtengo wake udali madola 3,995. Mu 1991 ku Finland kudayamba njira ya GSM, imene maiko a ku Ulaya adagwirizana kuti onse aitsate, ndipo kugwirizanako kudatsitsa mitengo, popeza foni imodzi inkatha kugulitsidwa m'maiko ambiri. Pa 3 December 1992 uthenga woyamba wolembedwa, wa SMS, udatumizidwa ku England. Kuno ku Malaŵi kampani ya TNM idakhazikitsidwa mu 1995, Celtel nibwera mu 1999. Iyi idasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Nokia 1100 ya mu 2003, yolimba, yokhala ndi tochi pamutu pake ndi batire losunga moto masiku angapo, idagulidwa ndi anthu oposa 200 miliyoni pa dziko lonse. Oipanga adadziŵa kuti ogula ake ambiri akhala kumene usiku kuli mdima.

Mitsinje iŵiriyi, wa kompyuta ndi wa foni, idayesa kukomana kangapo. IBM idagulitsa foni ya Simon mu 1994, yokhala ndi galasi lokhudza, koma batire lake linkatha msanga, ndipo anthu sadaikonde. Mathiriro eni-eni adafika mu 2007, pamene Apple idatulutsa iPhone, ndi mu 2008, pamene idatuluka foni yoyamba yoyendera Android ya Google, imene makampani ena onse adaloledwa kuigwiritsa ntchito. Kuyambira pamenepo madzi adathamanga. Cha m'ma 2008 malaputopu adayamba kugulidwa koposa makompyuta a pa tebulo. Kumapeto kwa 2010 mafoni amakono adaposa makompyuta onse pamodzi. Malonda a makompyuta adafika pachimake mu 2011, pamene adagulitsidwa oposa 350 miliyoni, ndipo adatsika chaka ndi chaka kufikira pafupi-fupi 260 miliyoni mu 2018. Mafoni amakono mu 2016 adayandikira 1.5 biliyoni m'chaka chimodzi. Mu November chaka chomwecho a StatCounter, oŵerenga alendo a pa masamba a intaneti, adalengeza kuti kwa nthaŵi yoyamba oloŵa ndi mafoni ndi matabuleti adaposa oloŵa ndi makompyuta.

Poona ziŵerengero zotere ambiri adayamba kukumba manda. Koma Steve Jobs wa Apple, polankhula mu 2010, chaka chimene adatulutsa iPad, adafanizira kompyuta ndi lole: pamene dziko lidali la alimi galimoto zambiri zidali malole, ndipo anthu atasamukira m'mizinda galimoto zazing'ono zidachuluka, koma lole sidathe, idangotsalira amene ali ndi katundu. Fanizoli ndiliona loona, ndipo zaka zotsatira zidalichitira umboni. Mliri wa Covid-19 utatseka masukulu ndi maofesi mu 2020, anthu a m'maiko olemera, amene aliyense adali kale ndi foni, adathamangira kukagula makompyuta, kufikira malonda ake adakweranso pafupi-fupi 340 miliyoni mu 2021. Adapeza kuti kuyankha uthenga ndi kwina, kugwira ntchito ya tsiku lathunthu ndi kwinanso. M'chaka chomwecho cha 2020 Apple idayamba kuchotsa matchipi a Intel m'makompyuta ake, niikamo ake a mtundu wa ARM, abale a amene adali m'mafoni. Chotero mwana uja amene adakanidwa pa tebulo mu 1985 adabwerera patapita zaka 35, nakhala pa mpando wa mwini nyumba. Wofunsa kuti adapambana ndani, foni kapena kompyuta, ayambe wanena kuti kusiyana kwao kuli pati, popeza m'kati mwa ena a iwo tsopano ndi mtundu umodzi. Chotsala chowasiyanitsa ndicho kukula kwa galasi, ndi zala zingati zimene munthu alembera.

Mbiri yonseyi ndaisimba monga idachitikira ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, kumene makinaŵa adapangidwa. Kwathu kuno idayenda mwina. Anthu athu ambiri chigono cha pa tebulo chija sadagonepo konse. Kompyuta ya pa tebulo adaiona ku banki, ku boma, kapena m'chipinda chokhoma cha pa sukulu ya sekondale, itafundidwa nsalu kuopa fumbi. Chifukwa chake sichisoŵa: kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mabanja a m'Malaŵi ounikira magetsi a nthambo adali ngati limodzi mwa mabanja 10 alionse, pamene okhala ndi foni ya m'manja adapitirira theka. Makina ofuna khoma sangakhale kumene khoma lilibe moto. Koma foni itchajidwa ndi kasola ka pa denga, kapena pa golosale pa mtengo wochepa. Kwa mlimi wa ku Dowa kapena msodzi wa ku Nkhotakota foni sidalande malo a kompyuta. Ndiyo kompyuta yake yoyamba. Ntchito zake zidakula molingana ndi zosoŵa za eni ake. Ku Kenya kampani ya Safaricom idayamba M-Pesa mu 2007, yotumizira ndalama pa foni wamba ya mabatani. Kwathu Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, yopanga mafoni a Tecno ndi itel, idakula mu Africa chifukwa idasamala zimene akulu-akulu a msika adazinyoza: malo a makadi aŵiri, batire lokhalitsa, ndipo ku Ethiopia mabatani a zilembo za Chiamhariki.

Tsono tifike pa za chinenero, pakuti apa mpamene nkhaniyi iloŵa m'nyumba mwathu. Kale Chicheŵa cholembedwa chinkadutsa pa zipata zoŵerengeka: makina osindikizira a mishoni, a boma, ndi dzanja la mphunzitsi. Mai amene mwamuna wake adapita ku Joni kapena ku Halale ankaitana mwana wa sukulu kuti amlembere kalata, ndipo mwanayo ankalemba monga adamphunzitsira, kuyambira pa malonje kufikira pa kutsazika. Nthaŵi ya kompyuta ya pa tebulo sidasinthe zambiri pamenepa, chifukwa makinawo adali m'maofesi, ndipo chinenero cha ofesi ndi Chingerezi. Foni ndiyo idagumula mpanda. Ndiyesa kuti sipadakhalepo nthaŵi ina imene Chicheŵa chidalembedwa ndi manja ambiri, tsiku ndi tsiku, monga m'zaka zimene foni yakhala m'midzi. Ndipo olembawo sapempha chilolezo kwa mkonzi aliyense. Mphunzitsi wa chinenero amene sakondwera ndi zimenezi afunika kudzifunsa chimene ankafuna.

Komabe walira mvula walira matope. Chida chilichonse chisiya chizindikiro chake pa ntchito, ndipo foni idasiya chake pa kalembedwe kathu. Uthenga umodzi wa SMS unyamula zilembo 160, ndipo ukapitirira ulipira ŵiri. Chicheŵa ndi chinenero cha mau aatali, omanga nthaŵi, mwini ntchito ndi wochitiridwa m'liu limodzi. Pamene Mngerezi akwanitsa uthenga wake, ife tikadali pakati. Pa foni ya mabatani chilembo cha z chidali chachinai pa batani la 9, choti udinde kanai, ndipo aliyense aŵerenge yekha kuti mau akuti "zinthu zathu zonse" adafuna kudinda kangati. Motero achinyamata adayamba kumeza mavawelo, "chifukwa" nasanduka "chfkwa", ndipo ena a iwo adabwera nacho chizoloŵezichi m'makope a mayeso. Koma chimene chidavutika koposa ndi chilembo cha ŵ, chimene chili m'dzina la dziko lathu ndi la chinenero chathu. Amene adakonza mndandanda wa zilembo za GSM adasamala zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, naikamo é, ñ, ü ndi zina zotere, koma ŵ mulibe, ngakhale a ku Wales nawonso alemba chilembochi. Munthu akachiika mu uthenga, foni isinthira ku mndandanda wina waukulu, ndipo malo a zilembo 160 aja atsika kufika pa 70. Sindinena kuti foni ndiyo idachotsa chilembochi, pakuti olemba ambiri adali atachisiya kale, ndipo m'madera ena sachitchula mosiyana ndi w; koma pamene kulemba molondola kukhala ndi msonkho, tidziŵa kumene anthu adzapendekera.

Foni yamakono idachotsa zina mwa zovutazi, nibweretsa zake. WhatsApp, imene idayamba mu 2009, siŵerenga zilembo. Koma foni yoikidwa pa Chingerezi iyesa liu lililonse la Chicheŵa ngati cholakwa, nilikonza mwa nzeru zake, kotero kuti wolemba alimbana ndi mlembi wosamva chinenero. Mu December 2014 Google idaonjeza Chicheŵa pa zinenero zimene makina ake amasulira, chinthu chothandiza, ngakhale aliyense amene adayesapo kumasulitsa mwambi adziŵa malire ake. Ndipo mu 2013 WhatsApp idaloleza kutumiza mau olankhulidwa. Ichi nchachikulu kuposa m'mene tichiyesera. Gogo wosadziŵa kulemba tsopano alankhula yekha ndi mdzukulu wake wa ku Johannesburg, ndi mau ake, ndi kamvekedwe ka kwao, wopanda mwana wa sukulu pakati. Chicheŵa cholankhula chapeza bwenzi lamphamvu. Koma mwana uja amene ankalemba kalata ya agogo ake, naphunzira pomwepo kusanja nkhani ya munthu wina m'ndime, ntchito yake yatha.

Masukulu nawo adayesedwa ndi makinaŵa, ndipo si kuyesa konse kumene kudapindula. Mu 2005 Nicholas Negroponte adalengeza za laputopu ya madola 100 ya mwana aliyense wa m'maiko osauka. Mtengo wake udatuluka pafupi-fupi kaŵiri, komabe maiko monga Uruguay, Peru ndi Rwanda adagula ambiri. Ku Peru ofufuza a Inter-American Development Bank adalengeza mu 2012 kuti ana olandira makinawo adaphunzira kuwagwiritsa ntchito, koma pa masamu ndi pa chinenero sadapose anzao. Chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: adagaŵa makina, osakonza chimene mwana adzachita nao, kapena malo a mphunzitsi. Kwathu bungwe la ku Britain la onebillion, pamodzi ndi VSO, lidayamba cha m'ma 2013 njira yosiyana: matabuleti otchajidwa ndi dzuŵa, okhala ndi maphunziro a masamu ndi kuŵerenga olankhula Chicheŵa, otsata mwana phazi ndi phazi. Ofufuza a ku University of Nottingham adayesa njirayi m'sukulu za ku Lilongwe napeza kuti ana adapindula, ndipo mu 2023 boma lidayamba ntchito ya BEFIT yofikitsa matabuleti otere ku masukulu a pulaimale, m'makalasi oyambirira. Apa loto la Alan Kay la mu 1972 lidafika pansi pa mtengo weni-weni, koma lidafika theka. Iye ankafuna kuti mwana akhale wolemba ndi wopanga. Tabuleti ya m'kalasi imfunsa mafunso, iye nayankha pokhudza galasi.

Za m'tsogolo wolemba mbiri ayenera kulankhula mosamala, koma zina zioneka kale. Choyamba nchakuti chigayo chija chabweranso. Foni imene tiiyesa yodziimira payokha ichita zambiri mwa ntchito zake potumiza mafunso ku nyumba zazikulu zodzala makompyuta, kutali kutsidya la nyanja, zomwa magetsi oposa a ENIAC kambiri-mbiri. Zithunzi zathu, makalata athu ndi kumasulira kwathu zili kumeneko. Chimanga nchathu, makina ndi a mwini, ndipo bando ikatha zenera litsekeka. Makina omasulira ndi oyankha mafunso a m'nyumba zimenezo aphunzira chinenero poŵerenga zimene eni ake adalemba, ndipo chinenero chimene chuma chake chambiri ndi timauthenga tachidule ndi mau olankhulidwa chiwapatsa zochepa zoti aphunzirepo.

Chinanso nchakuti bokosi la pansi pa tebulo likhoza kutha ndithu m'nyumba zambiri, koma zimene lidabwera nazo, ndizo galasi loonetsa tsamba lathunthu, kiyibodi ya zala 10, ndi mpando umene munthu akhalapo maola aŵiri pa nkhani imodzi, zilibe choloŵa m'malo mwake kufikira lero. Opanga mafoni adazindikira okha: kuyambira 2017 mafoni ena a Samsung atha kulumikizidwa ku galasi lalikulu ndi kiyibodi nagwira ntchito ngati kompyuta, ndipo ku Cambridge komwe kuja, mu 2012, kudatuluka Raspberry Pi, kakompyuta ka madola 35 koyendera tchipi ya ARM, kopangidwira ana a sukulu kuti aphunzire kulamula makina. Ngakhale foni wamba ya Android ilandira kiyibodi, ndipo iŵiriyo pamodzi imwa magetsi amene kasola kamodzi kangakwanitse. Sukulu ya kumudzi imene sidathe kusunga chipinda cha makompyuta ikhoza kusunga matebulo angapo otere.

Ndinena zimenezi chifukwa cha chimene tichiona m'makoleji. Ophunzira ambiri alemba nkhani zao pa foni, ndi zala ziŵiri zazikulu, usiku m'chipinda chogona, nakazisindikiza m'tauni m'maŵa. Khama lao nloyamikika, ndipo ena alemba masamba 10 m'njira imeneyi. Koma wochonga azizindikira asanauzidwe. Ndime zake ndi zazifupi, za msinkhu wa galasi limene zidabadwirapo. Mfundo ya pa tsamba lachitatu ibwereza ya pa tsamba loyamba, popeza wolembayo sadazionepo ziŵirizo pamodzi. Ndipo ziganizo zija zazitali za Chicheŵa, zimene ziyamba ndi "popeza" kapena "ngakhale" nizisunga mpweya kufikira mneni wake atafika, zipezeka mwa apo ndi apo.